Botolo la mavitamini pa depoti ya Liwonde

Sabata ino ndi gawo langa kulemba, ndiye pezani pokhala pabwino chifukwa nkhani yake ndi yotalikirapo.

Mwezi watha ndinakwera minibasi pa Liwonde kupita ku Balaka. Mukudziwa mmene zimakhalira podikira kuti idzaze. Pawindo panafika mnyamata wovala tayi, chikwama chili tho ndi mabotolo. Akuti mavitamini ochokera ku Joni. Akuti botolo limodzi lomwelo limachotsa kutopa, limawonjezera magazi, limatsuka maso, limalimbitsa mafupa, ndipo kwa abambo limathandizanso zina zomwe sindingalembe pano poti m'gulu muno muli apongozi anga. Mayi amene ndinakhala nawo mpando umodzi, mwana ali pamiyendo, anamasula mfundo ya chitenje n'kuwerenga ndalama zawo kawiri. Kenako anandiyang'ana: "Achimwene, kodi zimenezi zimathandizadi? Mwanayu sakunenepa ayi."

Ndinayankha zozungulirazungulira, zija za munthu wosafuna kuyambana ndi wamalonda. Koma funsolo landikhala pamtima. Ndikukhulupirira kuti inunso munadzifunsapo, kaya poona mabotolo okongola m'famase, kaya mlamu wanu atakutumizirani uthenga pa WhatsApp woti mulowe nawo bizinesi yogulitsa mapiritsi opatsa thanzi. Yankho lake lili m'mbiri yathu yomwe, ndipo mbali yaikulu ya mbiriyo inachitikira m'dera lomwe minibasi ija inkadutsa ndi m'maboma oyandikana nalo. Paja Balaka ndi Machinga linali boma limodzi mpaka 1998, ndipo achikulire amakumbukira pomwe linkatchedwa Kasupe.

Tiyambire ku Zomba, khomo loyandikana ndi Machinga. Mu 1912 dokotala wa boma la atsamunda, Hugh Stannus, analemba za matenda omwe ankawaona pakati pa akaidi m'ndende ya Zomba. Dzina lake ndi pelagra. Khungu limada n'kumasupuka ngati munthu wapsa ndi moto, koma m'malo okhawo owombedwa ndi dzuwa: kuseri kwa manja, m'mapazi, ndi pakhosi mozungulira ngati mkanda. Kenako kumabwera kutsegula m'mimba kosatha, kenako mutu umasokonekera, ndipo wosathandizidwa amafa. Nthawi imeneyo madokotala ku Ulaya ndi ku America anali pa mkangano. Ena ankati ndi kachilombo, ena ankati ndi poizoni wa m'chimanga chowola. Chaka chomwecho katswiri wa ku Poland, Casimir Funk, yemwe ankagwira ntchito ku London, anapeka liwu lomwe lero timati vitamini. Ganizo lake linali loti pali matenda ena amene sabwera chifukwa cha chinthu chomwe chalowa m'thupi, koma chifukwa cha chomwe sichinalowe. Ku America, kuyambira 1914, Joseph Goldberger anaonetsa kuti ana amasiye ndi odwala m'zipatala akangowonjezeredwa mkaka, nyama ndi mazira, pelagra imatha. Mu 1937 Conrad Elvehjem anapeza chinthu chosowacho, vitamini yemwe lero amatchedwa nayasini.

Apa pali mbali yotikhudza ife a nsima. Nayasini m'chimanga alimo, koma ndi womangika, thupi silitha kumutenga. Anthu a ku Mexico, komwe chimanga chinachokera, amachiphika kaye ndi laimu kapena phulusa, ndipo izi zimamasula vitaminiyo. Chimanga chinawoloka nyanja kudza kuno, koma nzeru ya laimu inatsala komweko. Chimene chakhala chikutiteteza ife ndi ndiwo: mtedza, nyemba, nsomba. Agogo athu potendera nkhwani ndi nsinjiro ankatseka dzenje limeneli, ngakhale dzina loti nayasini sanalimvepo.

Umboni wake unaoneka patapita zaka pafupifupi 80, ndipo unali wowawa. Nkhondo ya Frelimo ndi Renamo ili mkati, anthu a ku Mozambique anakhamukira m'dziko muno mpaka anapitirira miliyoni imodzi. Ena analowera ku Nsanje ndi Chikwawa, ena ku Mulanje, Mwanza, Ntcheu ndi Dedza, ena m'malire a kummawa a Machinga ndi Mangochi. Pa chakudya chomwe ankalandira panali ufa, nyemba, mafuta ndi mtedza. Mu 1990 mtedza unasiya kubwera kwa miyezi ingapo. Mtedza wokha basi. Ufa unalipo, poto ankatereka. Koma pakati pa February ndi October chaka chimenecho, anthu pafupifupi 18,000 mwa othawa nkhondo 286,000 a m'chigawo cha kummwera anadwala pelagra. Amayi anadwala kuchulukitsa pafupifupi ka 8 poyerekeza ndi abambo. Ine pa chiwerengero chimenechi sindidabwa, chifukwa tonse tikudziwa amene amatsalira pogawa ndiwo pakhomo.

Ofufuza atayang'anitsitsa anapeza kuti otsekeredwa m'misasa ndiwo anavutika kwambiri kuposa omwe ankakhala m'midzi pakati pa eni dera, ndiponso kuti banja lokhala ndi kadimba kapena lopeza nsomba ndi mtedza linkapulumuka. A Médecins Sans Frontières ndi mabungwe anzawo anagawa mapiritsi a vitamini, mtedza unabwezeretsedwa, ndipo pambuyo pake anayamba kuthira nayasini mu ufa wogawidwawo. Mliriwo unazilala. Ndiye munthu akakuuzani kuti mapiritsi a vitamini ndi chinyengo cha azungu, mukumbutseni za 1990. Koma musaiwale kuti madokotala aja ankadziwa chimene chikusowa, ankadziwa yemwe chikumusowa, ndipo ankadziwanso tsiku lomwe mtedza unasiya kubwera.

Nkhani ya vitamini A ndi yomwe ambiri a inu munaiona ndi maso. Mu 1983 gulu la madokotala, m'menemo muli Dr Moses Chirambo, katswiri wathu wa maso, linayeza ana m'chigwa cha Shire n'kupeza kuti pafupifupi 4 mwa ana 100 alionse anali ndi vuto la maso lobwera chifukwa chosowa vitamini A. Mwana wotere amayamba ndi kusaona kukangoda, amapunthwa madzulo anzake akusewera, ndipo chikuku chikamupeza diso limatha kuwonongekeratu. Patapita zaka zitatu, Alfred Sommer ndi anzake anafalitsa zomwe anapeza ku Indonesia, zoti kupatsa ana vitamini A kawiri pachaka kunachepetsa imfa zawo ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu. Apa ndi pomwe panachokera timakapusozi tija alangizi a zaumoyo amadula kumlomo n'kufinyira m'kamwa mwa mwana kusikelo kapena pansi pa mtengo: tobiriwira ngati thambo kwa ana a miyezi 6 mpaka 11, tofiira kwa a chaka chimodzi kufika zaka zisanu.

Tamverani manambala. Kafukufuku wa dziko lonse wa mu 2001 anapeza kuti ana 59 mwa 100 alionse osakwana zaka zisanu ankasowa vitamini A. Mu 2009 anatsika kufika 22. Mu 2012 kampani ya Illovo inayamba kuthira vitamini A mu shuga, ndipo mafuta ophikira nawonso amathiridwa. Pofika 2015 ndi 2016 anali ana osakwana 4 mwa 100. Zinthu zochepa kwambiri m'dziko muno zinayendapo bwino chotere. Chimodzimodzi ndi chithokomiro, chotupa cha pakhosi chija tinkachiona kwa amayi ambiri kale. Lamulo la 1995 loti mchere ukhale ndi ayodini linachichepetsa mwakachetechete, moti ana a masiku ano ena sanachionepo n'komwe.

Koma nkhani ya vitamini A ili ndi mchira. Akatswiri atayezanso magazi a kafukufuku wa 2015 uja, anapeza kuti ana ena akuonetsa zizindikiro zoti vitaminiyu wayamba kuchuluka m'thupi. Vitamini A si wotuluka ndi mkodzo, amasungidwa m'chiwindi, ndipo akachulukitsa amawononga. Tangoganizani mwana yemwe walandira kapusozi kusikelo, akumwa tiyi wa shuga wothiridwa vitamini, akudya ndiwo za mafuta othiridwanso vitamini, kenako inu mwamugulira botolo la pa depoti lomwe simukudziwa kuti muli vitamini A wochuluka bwanji.

Tsopano tifike ku Machinga kwenikweni. Mvula ya 2005 inadula msanga, ndipo mu October chaka chimenecho Pulezidenti Bingu wa Mutharika analengeza kuti dziko lili pa ngozi ya njala. Anthu pafupifupi 5 miliyoni ankafunika thandizo la chakudya. Kale mwana wonyentchera kwambiri, kapena wotupikana mapazi ndi nkhope, ankagonekedwa m'chipatala kwa milungu ingapo akumwa mkaka wapadera. Mayi amasiya munda ndi ana ena, mwana wofookayo amagona pafupi ndi odwala ena n'kutengerako matenda, ndipo ambiri ankathawa asanachire. Nanga wa kumudzi komwe chipatala chili mtunda wa tsiku lathunthu, ankafikako n'komwe?

Dokotala wa ku France, André Briend, ndi kampani ya Nutriset anali atapanga chakudya cha mtedza wopera wosakaniza ndi mkaka waufa, shuga, mafuta, mavitamini ndi michere ya m'thupi. Ubwino wake ndi woti sichifuna kuphika, sichifuna madzi, ndipo tizilombo sitiswana m'menemo. Dr Mark Manary wa ku America, yemwe ankagwira ntchito ku Blantyre, anayamba kuchiyesa kuno mu 2001, akupatsa amayi kuti azikadyetsera ana kunyumba. Ife tinangochitcha dzina lathu lakale, chiponde. Mu February 2006, njala ili pachimake, gulu lake linatsegula malo asanu m'midzi ya Machinga yomwe inali kutali ndi zipatala. Ogwira ntchitoyo sanali madokotala, anali othandiza zaumoyo a m'midzi omwe anaphunzitsidwa kwa nthawi yochepa kuyeza ana ndi kugawa chiponde. Analembetsa ana 826 onyentchera kwambiri. Mwa iwo 775 anachira, kutanthauza 94 mwa 100 alionse. Anamwalira ndi 8. Chaka chotsatira, mu 2007, mabungwe a WHO, UNICEF ndi WFP anavomereza kuti njira yothandizira ana otere kunyumba ikhale yotsatidwa padziko lonse.

Ndimaima kaye ndikafika pa 775 ameneyu. Ana amenewo lero ndi anyamata ndi atsikana a zaka za m'ma 20. Mwina wina akupalasa kabaza pa Ntaja, wina akugulitsa mpunga pa Nsanama, mwinanso wina ali m'gulu lino akuwerenga. Mu chiponde chimene chinawapulumutsa munali zinki, ayironi, potaziyamu, vitamini A ndi zina zambiri, zoyezedwa bwino mogwirizana ndi thupi la mwana wodwala. Koma munalinso mtedza, mkaka ndi mafuta. Mavitaminiwo anabwera atakwera pa chakudya, ndipo anapita kwa mwana yemwe anayezedwa kaye pamkono ndi pasikelo. N'chifukwa chake zimandinyansa ndikaona timapaketi ta chiponde tikugulitsidwa pamsika, bambo wamkulu ndevu pepeya akupaka pa buledi. Amenewo ndi mankhwala a mwana wina.

Mpaka pano mwina mukuti, basi nkhani yatha, tiyeni tigule mabotolo. Dikirani kaye, chifukwa akatswiri nawonso anaganiza choncho. Anati ngati chiponde chimachiza wodwala, bwanji tipereke pang'ono tsiku lililonse kwa amayi oyembekezera ndi ana omwe sanadwale, kuti kupinimbira kuthe? Paja ana 37 mwa 100 alionse m'Malawi anapezeka opinimbira mu 2015 ndi 2016. Anakayesa ku Mangochi, boma lochita malire ndi Balaka ndi Machinga lomwe. Kuyambira 2011, amayi oyembekezera 1,391 anagawidwa patatu: ena mapiritsi a masiku onse a ayironi ndi foliki asidi, ena mapiritsi a mavitamini ambirimbiri, ena kachiponde kowonjezera. Ana atafika miyezi 18, msinkhu wawo sunasiyane. Ku Ghana ndi ku Burkina Faso kachiponde kotere kanathandiza, koma ku Mangochi ayi. Ofufuza ambiri amaloza matenda: malungo, kutsegula m'mimba pafupipafupi, ndi kutupa kwa matumbo kobwera chifukwa cha madzi ndi malo osasamalika. Matumbo otere salandira bwino chakudya, ngakhale mutathiramo zabwino zotani. Kuli ngati kutunga madzi ndi dengu.

Nthawi zina piritsi labwino limavulaza n'kuvulaza. Pa chilumba cha Pemba ku Zanzibar, komwe malungo anali ochuluka ngati kwathu kuno, anapatsa ana aang'ono ayironi tsiku lililonse osasankha. Kafukufukuyo anaimitsidwa pakati, chifukwa ana omwe ankamwa ayironi ndiwo ankagonekedwa m'chipatala ndi kumwalira kwambiri kuposa anzawo. Zotsatira zake zinafalitsidwa mu 2006. Tizilombo toyambitsa matenda natonso timafuna ayironi, ndiye lero malangizo ndi oti mwana wa kudera la malungo apatsidwe ayironi pamodzi ndi chitetezo ndi chithandizo cha malungo. Ndipo mu 2008, kafukufuku wa ana ochepa magazi kwambiri ku Blantyre ndi Chikwawa anapeza kuti kusowa ayironi sikunali gwero lalikulu. Zomwe zinaonekera ndi malungo, njoka za m'mimba, tizilombo ta m'magazi, HIV, ndi kusowa kwa vitamini A ndi B12. Choncho mwana akayera m'manja ndi m'zikope, mawu oti "owonjezera magazi" olembedwa pa botolo sakukuuzani chilichonse cha chimene chikumudya magaziwo.

Kubwerera ku Machinga, pali kafukufuku wina wosatchuka yemwe ine amandisangalatsa. M'midzi ya ku Limera, ndi ku Masenjere kuchigwa cha Shire, anapatsa makanda a miyezi 6 ufa wa khobwe wothira m'phala. Khobwe yemweyu timalima m'mizere ya chimanga. Zotsatira za mu 2017 zinaonetsa kuti ana odya khobwe sanabwerere m'mbuyo pa msinkhu ngati anzawo. Kusiyana kwake kunali kochepa, sindikufuna kukokomeza, koma kunalipo, ndipo khobwe safuna ndalama zakunja.

Nanga lero chikutisowa n'chiyani? Kafukufuku yemwe uja anapeza kuti vitamini A wakwanira anapezanso kuti ana pafupifupi 60 mwa 100 alionse akusowa zinki. Ameneyu ndiye dzenje lathu lalikulu tsopano, ndipo palibe amene amamuimbira ng'oma. Zinki amathandiza kukula, kupola kwa zilonda ndi kulimbana ndi matenda. Amapezeka mosavuta mu nyama ndi nsomba, makamaka zing'onozing'ono zodya ndi mutu ndi minga zomwe: usipa, bonya, matemba. Kwa anthu a ku Machinga izi zikutanthauza nyanja za Chilwa ndi Chiuta. Chilwa itaphwa mu 1995, ndipo itaphwanso mu 2018, tinkalankhula za asodzi otaya ntchito, koma mbale ya mwana wa ku Nayuchi nayonso inataya kanthu. M'chimanga zinki alimo, kungoti m'chimanga momwemo muli chinthu china chomwe chimamugwira kuti thupi lisamutenge. Kuviika, kumeretsa chimera ndi kusasitsa kumachepetsa chinthu chimenecho, ndiye thobwa musamaliyang'anire pansi. Koma soda wambiri m'masamba amapha mavitamini, ngakhale therere lake limakoma.

Ku Balaka mvula ndi yovuta, aliyense akudziwa, koma kuli malambe omwe ali ndi vitamini C wochuluka kuposa malalanje, kuli masau, bwemba, cham'mwamba ndi nandolo. Mu 2011 akatswiri a zaulimi anatulutsa mitundu ya mbatata yofiira mkati yokhala ndi vitamini A, ndipo mayina ake okha ndi ndakatulo: Kadyaubwerere, Anaakwanire, Kaphulira, Mathuthu, Chipika. Pakati pa 2014 ndi 2019 ntchito ya Njira, yomwe inkayendetsedwa m'maboma awiri omwewa a Balaka ndi Machinga, inkaphunzitsa amayi m'magulu za kadyedwe ka ana ndi madimba a pakhomo. Ndikudziwa wina ati, zonsezi n'zabwino pa pepala, koma February akafika m'nyumba mulibe ngakhale ufa. N'zoona. Kuuza munthu wopanda chakudya kuti adye magulu asanu ndi limodzi ndi chipongwe. Koma munthu yemweyo kumugulitsa botolo la mtengo wa thireyi ya mazira ndi chipongwe choposa.

Alipo anthu oti mapiritsi amenewa ndi ofunika, ndipo pa iwo sindinyengerera. Mayi woyembekezera amwe ayironi ndi foliki asidi za kusikelo, ngakhale zimachititsa nseru ndi kudetsa chimbudzi. Foliki asidi amateteza msana ndi ubongo wa mwana m'masabata anayi oyambirira, nthawi yomwe mayi ambiri sanadziwe n'komwe kuti aima, ndiye wofuna kutenga pakati ayambe msanga. Mwana wosakwana zaka zisanu alandire vitamini A wake monga buku la kusikelo likunenera. Mwana wotsegula m'mimba apatsidwe zinki kwa masiku 10 mpaka 14 pamodzi ndi Thanzi ORS. Womwa mankhwala a TB a isoniazid amapatsidwa vitamini B6, ameneyo asasiye. Mwaona kuti zonsezi zimaperekedwa kuchipatala cha boma, ndipo zikakhalapo n'zaulere.

Koma inu a m'tauni amene mumadya nsomba kapena nyama kangapo pa sabata, masamba ndi zipatso osasowa, umboni woti botolo la tsiku ndi tsiku likuwonjezerani moyo ndi wofooka. Ku America, komwe amamwa mapiritsi amenewa ngati mtedza, gulu la akatswiri lolangiza za kapewedwe ka matenda linanena mu 2022 kuti palibe umboni wokwanira woti mavitamini osakanizawa amateteza khansa kapena matenda a mtima. Ku Finland mu 1994 anapeza kuti osuta fodya omwe ankamwa mapiritsi a beta-carotene ndiwo anadwala kwambiri khansa ya m'mapapo. Ngati mukumva kutopa kosatha, kayezetseni magazi, shuga ndi BP musanagule kanthu. Ndipo poti mabotolo ambiri akuti ndi a ku Joni, kumbukirani Matthias Rath, yemwe cha m'ma 2005 ankagawa mavitamini ku Khayelitsha ku Cape Town n'kumanyoza ma ARV kuti ndi poizoni. Anthu ena anasiya mankhwala awo, ndipo khothi linamuletsa mu 2008. Mawu ngati akewo ndinawamvapo kuno kwathu, akunong'onezedwa pa maliro ndi pambuyo pa mapemphero. Wogulitsa aliyense wokuuzani kuti musiye ma ARV, mankhwala a shuga kapena a BP chifukwa cha botolo lake, ameneyo mukamunene.

Mayi aja anagula botolo laling'ono, la theka la mtengo. Ndinaona akuliika m'chikwama pambali pa buku la kusikelo, lomwe chikuto chake chinali chitakutidwa bwino ndi pulasitiki. Ndikanangopempha kuti ndilione bukulo, ndikanadziwa ngati mzere wa kulemera kwa mwana ukukwera kapena ukutsika, ndi tsiku lomwe analandira vitamini A komaliza. Ndikanawafunsa ngati mwanayo watsegula m'mimba posachedwa, ngati amagona m'neti, ndi chimene amathira m'phala lake. Sindinafunse. Anatsika pa Chiyendausiku, kondakitala n'kuwapatsira kathumba kawo ka ufa pawindo, minibasi n'kunyamuka.